Poloti, lizi ndi msewu wofika pakhomo: nkhani za malo m'tauni ya Kasungu

Mukamva pa wailesi kuti khonsolo yachenjeza omanga popanda chilolezo, kapena kuti okonza msewu apaka chizindikiro chofiira pa khoma la golosale ya munthu, kapenanso kuti anthu awiri akokerana kukhoti chifukwa cha poloti imodzi, zimaoneka ngati nkhani zitatu zosiyana. Gwero lake ndi limodzi. Pa Kasungu mawu akuti "malo ano ndi anga" amanenedwa ndi anthu omwe agwira mapepala osiyana mphamvu. Wina ali ndi kalata ya amfumu ya chidindo, wina ali ndi kalata ya khonsolo yomupatsa poloti, wina ali ndi lizi (pangano lobwereka malo kwa zaka zowerengeka) yochokera ku Unduna wa za Malo, ndipo wina ali ndi kapepala kong'amba mu kope komwe anasainirana ndi wogulitsa pamaso pa mboni ziwiri. Onsewo anatulutsa ndalama. Koma tsiku la mkangano mapepalawa salemera chimodzimodzi.

Tauniyi yakula mothamanga. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 58,000 mkati mwa malire ake, osawerengera omwe amagona m'midzi yozungulira nkumabwera masana kudzagwira ntchito kapena kudzagulitsa malonda. Ili pa msewu wa M1, makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Lilongwe, pomwe pamapatukira msewu wa ku Nkhotakota wodzera ku Mtunthama, ndipo kummwera kwake, pa Chinkhoma, pali msika wa fodya. Ndalama za fodya zikayamba kulowa m'matumba cha mu April mpaka mu August, mlimi yemwe wagulitsa bwino amafuna kapoloti pa boma kuti amangepo nyumba ya lenti. Aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi opuma pantchito nawonso amafuna pawo. Ofuna malo ndi ochuluka kuposa mapoloti omwe boma ndi khonsolo anayeza, ndiye otsalawo amakagula kwa eni minda.

Tauni imathera pati?

Ku Kasungu kuli makhonsolo awiri. Kasungu Municipal Council, ya meya ndi makhansala a mawodi a m'tauni, imayang'anira tauni yokha. Kasungu District Council, komwe kuli ofesi ya bwanamkubwa, imayang'anira boma lonse kunja kwa tauniyo. Malire a ziwirizi amalengezedwa mu Gazette ya boma ndipo amajambulidwa pa mapu, koma pansi palibe mpanda kapena chikwangwani pa ngodya iliyonse. Munthu akhoza kugula munda akuganiza kuti ali kumudzi, chonsecho malowo analowa kale m'tauni.

Tauniyi sinamangidwe patchire. Midzi inalipo kale m'tsinde mwa phiri la Kasungu, komwe ufumu wa Mwase unakhazikika atsamunda asanafike, ndipo malire a tauni akamafutukuka amameza midzi, minda, madimba ndi manda omwe. Tingayerekeze ndi chitenje choyalidwa pa mkeka: pamwamba mukuona chitenje, koma mkeka uli pomwepo, ndipo wokhalapo amaumva. Lamulo la mafumu, Chiefs Act la 1967, limati mfumu ilibe ulamuliro mkati mwa mzinda kapena tauni pokhapokha khonsolo italoleza polemba. Komabe maliro akagwa ku Chankhanga kapena ku Katope, uthenga umayamba wafika kwa amfumu kapena kwa mtsogoleri wa mdadada, ndipo oyandikana akakangana za malire, kumeneko nkomwe amathamangira koyamba.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. A khonsolo amati sangabweretse misewu, ngalande ndi mapaipi pamalo pomwe aliyense akudula ndi kugulitsa mmene wafunira. Mafumu ndi mabanja awo amati malowo anali a makolo awo tauni isanabwere, ndipo kulengeza malire atsopano si kugula malo. Mikangano yambiri imabadwira apa, makamaka pomwe malire anafutukuka koma eni minda sanalandire chipukuta misozi choti khonsolo itenge malowo ndi kuwayeza.

Malo a makolo ndi kalata ya amfumu

Lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka ya dziko lino patatu: malo a boma, malo a munthu payekha okhala ndi zikalata, ndi malo a makolo omwe mafumu amasunga m'malo mwa anthu awo. Pa mwambo wake mfumu sinkagulitsa nthaka. Inkaloza mlendo poti alime ndi poti amange, iye nkupereka nkhuku ya chithokozo, ndipo akasamuka malowo ankabwerera kumudzi. Chomwe munthu ankalandira ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo. Lero m'mphepete mwa tauni nkhuku ija inasanduka mamiliyoni, koma kalata yolembedwa ikadali ya mtundu wakale uja.

Boma linatulutsa ndondomeko yatsopano ya za malo mu 2002, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo angapo nthawi imodzi, kuphatikizapo Land Act, Customary Land Act ndi Physical Planning Act. Ena mwa malamulowa anakonzedwanso mu 2022. Chachikulu chomwe anabweretsa n'chakuti banja kapena munthu akhoza kulembetsa malo ake a makolo ndi kulandira setifiketi, zomwe m'lamulomo zimatchedwa customary estate. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi komiti ya malo ya m'dera la gulupu: gulupuyo ndiye wapampando, ndipo pamakhala anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera 3 mwa iwo amayi. Kasungu inali m'gulu la maboma oyamba kuyeserako kalemberayu, pamodzi ndi Phalombe ndi Rumphi. Koma kalemberayu sanafike mudzi uliwonse, choncho minda yambiri yozungulira tauni ikugulitsidwabe ndi kalata ya amfumu yokha.

Kalatayi si yachabe. Ndi umboni woti amfumu ndi mboni anaona kuti malo achoka m'manja mwa uje kupita kwa uje, ndipo imafunika mukadzayamba kufunsira lizi. Kufooka kwake kuli pawiri. Poyamba, malire ake amalembedwa ndi zinthu zomwe zimatha: "kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa chulu". Mango aja akadulidwa, chulu nkugumulidwa ndi oumba njerwa, malire apita. Kachiwiri, palibe kaundula mmodzi yemwe mungakatsegule kuti muone ngati malo omwewo sanagulitsidwe kale kwa wina. Kalatayi ili ngati risiti ya pamsika: imasonyeza kuti munalipira, koma siyitsimikiza kuti wogulitsayo anali mwini katundu.

Apa mpomwe ogula ambiri amagwera m'mbuna. Munda wa makolo kawirikawiri ndi wa mbumba yonse. Mnyamata mmodzi akhoza kubwera ndi dobadoba, nkugulitsa mbali ya munda alongo ake ndi atsibweni ake osadziwa, ndipo patatha zaka zitatu, nyumba itafika pa windo, eni ake enieni amatulukira. Ku Kasungu nkhaniyi imavutirapo chifukwa kuli mabanja a chikamwini, a chitengwa, ndi ena a chiwongo chakumpoto kwa bomali, ndiye woyenera kuvomereza amasiyana banja ndi banja. Ngati mwini malo anamwalira, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wogulitsa ayenera kukhala ndi chikalata chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Musanapereke ndalama, mwini mbumba akhalepo, oyandikana nawo mbali zonse zinayi akhalepo, malire ayendedwe ndi tepi onse akuona, miyezo ilembedwe m'mamita, ndipo manambala a ziphaso za unzika za wogulitsa ndi mboni alembedwe pa mgwirizanowo. Ndalama zidzere ku banki kapena pa foni kuti pakhale mapazi ake.

Lizi: kubwereka kwa zaka 99

Lizi ndi pangano lomwe mwini nthaka, kawirikawiri boma kudzera mwa nduna ya za malo, amabwereketsa malo oyezedwa kwa munthu kwa zaka zowerengeka, pa ntchito yotchulidwa. Ya nyumba zogona imakhala ya zaka 99 kwa nzika. Nyumba mwamangayo ndi yanu, mukhoza kuigulitsa, kuisiyira ana kapena kuipereka chikole ku banki, koma nthaka ili pa pangano lomwe lili ndi mfundo zake: kulipira lenti ya nthaka chaka ndi chaka, kumanga mkati mwa nthawi yolembedwa, ndi kusasintha ntchito ya malowo popanda chilolezo. Wophwanya mfundozi boma likhoza kumulanda malowo, ndipo poloti yomwe yangokhala tchire zaka zambiri ndiyo imakhala pachiopsezo kwambiri. Zakazo sizimayambiranso nyumba ikagulitsidwa. Lizi yomwe inayamba mu 1990 idzatha mu 2089, choncho wogula mu 2025 akugula zaka 64 zotsalazo.

Njira yake ndi yaitali. Pa malo a makolo pamafunika fomu yosonyeza kuti mafumu anafunsidwa ndipo avomereza, yodzera kwa nyakwawa, gulupu, T/A ndi ofesi ya bwanamkubwa. Pamafunika mapu ang'ono osonyeza pomwe malowo ali ndi kukula kwake. A mapulani a matauni amaona ngati pamalopo mpoyenera nyumba. Zikayenda bwino mumalandira kalata yokupatsani malo, yomwe ambiri amangoti ofa, yokhala ndi ndalama zoti mulipire ndi tsiku lomaliza kulipira. Kenako saveya wovomerezeka amayeza ndi kuika mabikoni (timiyala ta konkire tosonyeza ngodya za malo), ofesi ya Surveyor General imavomereza mapu ake, lizi imalembedwa, kusainidwa ndi kulowetsedwa m'kaundula wa boma. Anthu ambiri amaimira pa ofa nkumati ali ndi lizi. Ofa ndi chitomero chabe, ukwati sunachitike, ndipo banki yosamala siyingailandire ngati chikole.

Pogula nyumba kapena poloti ya lizi, choyamba ndi kukachita kafukufuku ku kaundula wa malo ku Lilongwe, kuti muone dzina lomwe lili pa chikalata komanso ngati palibe ngongole ya banki kapena chiletso. Pambuyo pake pamafunika chilolezo cha unduna chosinthira umwini, chikalata cha MRA chosonyeza kuti za misonkho zili bwino, ndi msonkho wa sitampa. Kudumpha izi kumasiya dzina la wogulitsa pa chikalata, ndipo iye akamwalira wogula amayamba kufunafuna ana ake mmodzimmodzi kuti asaine.

Pali mtundu wina wa lizi womwe ndi wofunika kuudziwa kuno. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 malo ambiri a makolo m'boma la Kasungu anasandutsidwa maesiteti a fodya, ambiri pa lizi ya zaka 21, chifukwa nthawi imeneyo fodya wa bale ndi wa fulukiwa ankaloledwa kwa okhala ndi esiteti okha. Malizi ambiri otere anatha, ena osawonjezeredwa. Esiteti yoyandikira tauni ikamadulidwa mapoloti lero, wogula afunse zinthu ziwiri: lizi yake ikadali ndi moyo? Nanga chilolezo chosintha malowo kuchoka ku ulimi kupita ku nyumba, ndi chowagawa, chinaperekedwa? Popanda izi chikalata chachikulu chomwe wogulitsa akuonetsa sichingabale zikalata zing'onozing'ono za ogula.

Poloti yoyezedwa ndi poloti yodula

Poloti yoyezedwa imabadwa pa pulani ya dera lonse. Misewu, ngalande, malo a sukulu, a msika ndi a bwalo zimajambulidwa kaye, mapoloti nkubwera pambuyo, iliyonse ndi nambala yake ndi mabikoni, timiyala ta konkire tokhala ndi chitsulo pakati, pa ngodya zake. Umu ndi mmene madera a Malawi Housing Corporation, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, ankayalidwira. Ndi mmenenso ankayalidwira madera otchedwa Traditional Housing Areas m'matauni a dziko lino, komwe munthu wopeza pang'ono ankapatsidwa poloti yoyezedwa nkuloledwa kumanga pang'onopang'ono, ngakhale ndi zidina, bola atsate mzere wa msewu ndi kukumba chimbudzi. Poloti yodula imabadwa mosiyana: mwini munda amayeza ndi chingwe kapena mapazi, kugulitsa kachigawo lero, kena mwezi wamawa, msewu nkudzaganiziridwa pomaliza.

Masamu ake ndi awa. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, ngati bwalo la mamita pafupifupi 64 mbali zonse. Poloti ya 20 kwa 30 ndi masikweya mita 600, ndiye pa ekala pamatuluka mapoloti 6 nkutsala kachidutswa. Msewu wa mamita 10 m'lifupi wodutsa pa ekalayo umadya masikweya mita pafupifupi 640, kuposa poloti yathunthu. Kwa wogulitsa imeneyo ndi ndalama yotayika, choncho amasiya kanjira ka mamita 3. Ogula nawo akamamanga mipanda aliyense amabako theka la mita. Mapeto ake pamatsala kampata kodutsa kabaza ndi wilibala basi. Lole ya mchenga siyifika, galimoto yopopa zimbudzi siyifika, ambulansi imaima kutali, ndipo a ESCOM ndi a Central Region Water Board amasowa podzetsa mapolo ndi mapaipi osadutsa pa khonde la munthu. Zili ngati kudzala chimanga chomwaza m'munda wopanda mizere: chimamera ndithu, koma popalira ndi pothira feteleza mpomwe mlimi amavutika.

Kukonza dera lotere pambuyo pake ndi kotheka, koma kumatanthauza kugwetsa mipanda, makhitchini ndi zipinda zina kuti msewu upeze njira. Mtengo wa poloti yodula ndi wotsika tsiku logula lokha.

Msewu uli ndi malo ake

Msewu si phula lokha. Uli ndi malo osungidwa mbali zonse ziwiri, odzetsamo ngalande, mapaipi, mawaya ndi njira ya oyenda pansi, komanso odzakulitsira msewuwo mtsogolo. Pa misewu ikuluikulu monga M1 muyezo wodziwika kuyambira pa lamulo la misewu la 1962 ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pa mzere wa pakati pa msewu, osati kuchokera m'mphepete mwa phula. Pa misewu ya gulu lachiwiri ndi mamita 36. Ambiri amalakwitsa poyambira kuyeza, nkumanga mashopu mkati mwa malo a msewu akukhulupirira kuti ali kunja. Ntchito yokonzanso M1 kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kudzera ku Kasungu ndi Jenda, yomwe inayamba mu 2022, inakumbutsa anthu za malirewa. Womanga mkati mwa malo a msewu kawirikawiri salandira chipukuta misozi, ngakhale atakhala ndi kalata ya amfumu, pomwe amene msewu wamupeza pa malo ake ovomerezeka amayenera kulipidwa.

Misewu ya m'tauni ilinso ndi eni ake osiyana. M1 ndi misewu ina ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority. Ya m'malokeshoni yomwe ili pa pulani ndi ya khonsolo. Tinjira ta m'madera odula tilibe mwini pa pepala, ndiye sitilowa mu bajeti ya aliyense, ndipo giredara siyingalowe pomwe tsamba lake silikwana.

Chomwe chimapha msewu wa dothi pa Kasungu ndi madzi. Nthaka ya m'chigwa chino ndi ya mchenga, yosachedwa kukokoloka. Msewu wabwino umakhala wotumphuka pakati ngati msana wa ng'ombe, ndi ngalande mbali zonse ziwiri. Mwininyumba akakwirira ngalande ndi dothi kapena zibuma kuti galimoto yake ilowe pageti, m'malo moika kalavati, madzi a mu January amakwera pamsewu, amayenda m'mapazi a matayala, ndipo pofika March pakati pa msewu pali chigwembe. Zinyalala ndi mapepala a pulasitiki otayidwa m'ngalande amachita chimodzimodzi. Denga lililonse latsopano la malata ndi bwalo lililonse lowaka simenti zimawonjezera madzi othamangira kwa wokhala kumunsi.

Chilolezo chomangira, dambo ndi chitsime

Kukhala mwini malo ndi nkhani ina, kuloledwa kumangapo ndi inanso. Kale lamulo la mapulani la 1988 linkagwira ntchito m'madera olengezedwa okha, koma la 2016 linapanga dziko lonse kukhala dera lofunika pulani. M'tauni mumapereka ku khonsolo mapulani a nyumba ojambulidwa ndi katswiri wovomerezeka, umboni wa umwini, ndi ndalama younikira mapulaniwo. Komiti ya mapulani imaona ngati ntchito ya nyumbayo ikugwirizana ndi dera, mtunda kuchokera ku msewu ndi ku malire a oyandikana nawo, mawindo olowetsa mpweya, komanso komwe madzi oipa apite. Womanga popanda izi amalandira kalata yomuimitsa, kenako yomulamula kukonza kapena kugwetsa. Omanga ambiri amadandaula kuti mapulani amachedwa ndipo ndalama zake ndi zambiri, pomwe simenti ikukwera mtengo mwezi ndi mwezi. A khonsolo amadandaula kuti ogwira ntchito ndi galimoto zoyendera ndi zochepa, ndipo anthu amabwera nyumba itafoleredwa kale.

Pamalo pomwe chilolezo chimathandiza kwambiri mpa dambo. Poloti ya padambo imagulitsidwa mu September kapena October, pouma gwa, pamtengo wokoma. Zizindikiro zake zimaonekabe kwa wodziwa: dothi lakuda long'aluka, udzu wa m'madzi, zitsime zosaya za madimba pafupi. Mu February madzi a pansi amakwera, chimbudzi chimadzadza nkugwa, chinyontho chimakwera m'makoma mpaka pulasitala kumasuka, ndipo dothi lotupa ndi kunyala limang'amba maziko. Nthawi yabwino yokaona poloti ndi mvula ili pakati. Madambo ndi timitsinje ta m'tauniyi ndiwonso amasunga ndi kusefa madzi, ndipo tauni yomwe imamwa madzi a damu la Chitete ili ndi chifukwa chosamalira komwe madzi ake amachokera.

Pa nyumba yeniyeniyo zolakwika zobwerezabwereza ndi zochepa, koma zodula. Pepala la pulasitiki loletsa chinyontho liyenera kukhala mamita osachepera 0.15 pamwamba pa nthaka, ndipo pamalo ponyowa pansi pa nyumba pakwezedwe kuposa apo. Matope omangira a muyezo wa 1 kwa 6 ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 pa mawilibala atatu osasefukira a mchenga. Womanga akafikitsa asanu kapena asanu ndi limodzi, khoma limafumbutuka ndi chala. Bimu yozungulira pamwamba pa mawindo siyosiya, ndipo denga limangiriridwe ku bimuyo ndi waya kapena zitsulo, chifukwa mphepo ya mvula yoyamba ndiyo imasasula madenga ongokhazikidwa. Kuyambira mu 2018 malamulo a bungwe loona za zomangamanga la National Construction Industry Council analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, ndipo mabuloko a simenti afala. Simenti ya Shayona imapangidwa m'boma lomwe lino, kwa Wimbe. Koma buloko youmbidwa ndi simenti yochepa, yosathiriridwa madzi kwa masiku 7, ndi yofooka kuposa njerwa yopsa bwino.

A zaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pa poloti ya 15 kwa 30, yozunguliridwa ndi ena omwe aliyense ali ndi chimbudzi chake, muyezowu sungatheke. Ichi ndi chifukwa chake dera lothithikana lopanda madzi a m'mipope limakhala pachiopsezo cha kolera ndi matenda otsegula m'mimba, ngakhale madzi a pachitsime akuoneka oyera.

Misonkho iwiri yomwe anthu amaisokoneza

Lenti ya nthaka imapita kwa mwini nthaka yemwe anakupatsani lizi kapena poloti, kaya ndi unduna, khonsolo kapena Malawi Housing Corporation. Mareti ndi msonkho wa khonsolo pansi pa lamulo la maboma aang'ono la 1998, ndipo amawerengedwa potengera mtengo wa malo ndi nyumba monga walembedwera m'kaundula wa mitengo, yemwe amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kaundulayu akatuluka, mwininyumba ali ndi ufulu wokamuona ndi kudandaula mkati mwa nthawi yoikika ngati mtengo wakwezedwa mopyola. Lenti ya nthaka ili ngati lenti ya benchi mumsika, mareti ali ngati chiphaso cha tsiku ndi tsiku chosesera msikawo. Kulipira umodzi sikuchotsa unzake, ndipo risiti ya mareti si umboni wa umwini. Ngongole ya mareti imatsata nyumba, choncho wogula afunse ku khonsolo asanamalize kulipira.

Apa pali mfundo yomangika. Okhala m'malokeshoni amati alipirenji pomwe zinyalala sizitengedwa ndipo msewu ndi fumbi. Khonsolo imati itenga ndi chiyani zinyalalazo pomwe olipira ndi ochepa ndipo nyumba zambiri za m'madera odula sizili m'kaundula.

Nyumba yopanda adiresi

Mlendo wotsika pa depoti amalondoleredwa ndi zizindikiro: kuseri kwa chipatala cha boma, moyang'anana ndi sitediyamu, njira ya ku TTC, mukadutsa Loyola, pa chigayo mukhotere kumanja, geti yobiriwira pafupi ndi mjigo. Wakabaza amazidziwa zonsezi pamtima, ndipo phiri limathandiza kudziwa komwe mwayang'ana. Makalata kuyambira kale amafikira m'bokosi ku positi ofesi, osati pakhomo. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linapatsa MACRA ntchito yokhazikitsa maadiresi m'dziko lonse, ndi mayina a misewu, manambala a nyumba ndi makodi a manambala 6, mogwirizana ndi makhonsolo. Phindu lake ndi la ozimitsa moto, ambulansi, apolisi, mabanki ndi khonsolo yomwe potolera mareti. Koma dzina limapatsidwa kwa msewu womwe ulipo, ndipo nambala imatsata mzere wa nyumba. Pomwe nyumba zinamera mosatsata mzere, ntchitoyi imabwerera ku funso la pulani.

Zomwe zikadali pa mkeka wa zokambirana

Malire a tauni akameza mudzi, ndani ayenera kulipira eni minda kuti malowo ayezedwe asanagulitsidwe, ndipo ndalamazo zichokere kuti pomwe khonsolo ikuvutika kutolera mareti? Ena amati khonsolo igwirizane ndi mabanja, iwayezere munda wonse kwaulere, iwo nkupereka gawo la misewu ndi mapoloti angapo ngati malipiro; ena amaopa kuti njira yotere ingapindulire odziwana ndi akuluakulu.

Madera omwe anamangidwa kale mosatsata pulani, avomerezedwe monga alili nkupatsidwa zikalata, kapena misewu itsegulidwe kaye? Ngati itsegulidwa, yemwe chipinda chake chagwetsedwa kuti anzake onse apeze njira amulipira ndani? Mafumu ndi atsogoleri a midadada, omwe anthu amawadalira tsiku ndi tsiku koma lamulo siliwapatsa mphamvu pa malo a m'tauni, apatsidwe udindo wolembedwa kapena ntchitoyo itsale kwa makhansala okha? Palinso maesiteti omwe malizi awo anatha: abwerere kwa mafumu, atengedwe ndi boma kuti tauni ikulireko, kapena awonjezeredwe kwa omwe anali nawo? Ndipo setifiketi ya malo a makolo ikadzafika m'midzi yonse yozungulira tauniyi, mabanki adzailandira ngati chikole mofanana ndi lizi ya zaka 99?